Kabakha ka mlomo wabuluu si mwana wa bakha

Abale anga a kuno ku Johannesburg, chonde lekani kutola kabakha aka n'kumati ndi mwana wosokera. Ndi mbalame yokhwima, kuchepako n'chibadwa: kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 35 basi. M'mabuku a mbalame kamalembedwa blue-billed teal, akale amati Hottentot teal.

Yang'anani mlomo. Wake ndi wabuluu wotuwira, pamutu chipewa chakuda, masaya oyererako okhala ndi banga lakuda cha kukhosi, pachifuwa mawangamawanga. Mukaona chipewa chomwecho koma mlomo wofiira ndi thupi lokulirapo, ameneyo ndi red-billed teal. Onse awiri muwapeza ku Marievale, kufupi ndi Nigel, m'dambo la Blesbokspruit lomwe linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1986. A ku Zomba ndi Phalombe mukadziwa kale, ku Chilwa kaliko. Kamakonda madzi osaya a mabango, masana kamabisala, chakumadzulo n'kumasefa matope ndi mlomo kufuna njere ndi tizilombo. Kathanzi simungakagwire ndi manja.

Ndiye mukakagwira, dziwani kuti kadwala. Nyengo yotentha, madzi akaphwa n'kuyamba kununkha, kumabuka poizoni wa botulism. Mphutsi za pa mbalame yakufa zimamusunga, abakha ena akadya mphutsizo miyendo imafooka, kenaka mapiko, mapeto ake khosi limalephera kudzutsa mutu ndipo amamira.

Kabakha kena kamandiwawabe mpaka lero. Bambo wina wachifundo anakasunga m'beseni masiku angapo, akukamwetsa mankhwala amene wogulitsa wina pamsika anawauza kuti amachiza chitopa ndi matenda onse a nkhuku. Madziwo ankathira kukamwa ndi supuni, kabakha kosatha kumeza, ndiye ankalowa m'mapapo. Pofika kwa ife osamalira mbalame zodwala kanali katatha. Chikhala anabwera nako tsiku loyamba, mwayi unalipo, pakuti abakha ambiri a matendawa amadzuka akapatsidwa madzi mwaukatswiri ndi malo a mthunzi. Chitopacho sichichizika ndi mankhwala, pali katemera basi, ndiye wogulitsayo ankagulitsa chiyani?

Musakamwetse kanthu, musakaike m'madzi. Valani magolovesi, kaikeni m'katoni yoboola, imbirani bungwe loteteza nyama la SPCA kapena dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Mukapeza mbalame zambiri zitafa malo amodzi, musakhudze, dziwitsani adokotala a ziweto a boma, chifukwa chimfine cha mbalame chinavuta kuno ku Gauteng mu 2023. Ndipo za ndiwo iwalani, bakha wotola chonchi sadyedwa.