Paini wozungulira Nahuelbuta ndi zomwe setilaiti inaulula ku Chile

Mu Okutobala 2024, lamulo la nkhalango la dziko la Chile lotchedwa Decreto Ley 701 linakwanitsa zaka 50, koma mkangano wake sunazirale. Umayambiranso nthawi zonse kukabuka moto wolusa, monga wa mu 2017 womwe unanyeketsa mahekitala oposa 500,000 ndi kupsereza tauni ya Santa Olga.

Gwero lake ndi chaka cha 1974. Asilikali a Augusto Pinochet anali atangolanda boma mu Seputembala 1973. Minda yambiri yomwe anthu a mtundu wa Mapuche anaitenganso mu ulamuliro wa pulezidenti Salvador Allende inabwezedwa kwa eni maesiteti omwe anali nayo kale, ina n'kugulitsidwa motchipa ku makampani a mitengo. Bungwe la boma loona za nkhalango, CONAF, linayamba kutsogoleredwa ndi Julio Ponce Lerou, mkamwini wa Pinochet yemweyo. Kenako lamulo lija linati wobzala mitengo azilandira sabuside, kutanthauza kuti boma lizimubwezera 75 peresenti ya ndalama zomwe wawononga. Omwe anapindula kwambiri ndi makampani akuluakulu monga Arauco ndi CMPC, ndipo zomwe ankabzala ndi paini wochokera ku California ndi bulugamu wa ku Australia. Lero minda imeneyi imaposa mahekitala 2 miliyoni.

Paki ya Nahuelbuta, yomwe inakhazikitsidwa mu 1939 pofuna kuteteza mitengo yakalekale ya araucaria, inatsala ngati chilumba pakati pa paini.

Pa mabuku zinkaoneka ngati nkhalango ikukula, chifukwa kawerengedwe ka FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, kamaphatikiza munda wa paini ndi nkhalango yachilengedwe. Koma pa zithunzi za setilaiti ya Landsat ziwirizi zimasiyana ukamayerekeza zaka zosiyanasiyana. Munda wa paini umakhala ndi malire owongoka ndi mitengo yamsinkhu umodzi, ndipo pakapita zaka 20 kapena 25 umadulidwa wonse n'kusiya dothi poyera. Nkhalango yachilengedwe sichita zimenezo. Mu 2006, wofufuza wina dzina lake Cristian Echeverría ndi anzake anayerekeza zithunzi za 1975, 1990 ndi 2000 za m'mapiri a m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku mtsinje wa Maule kukafika ku Cobquecura, ndipo anapeza kuti 67 peresenti ya nkhalango yachilengedwe inali itatha. Kafukufuku wa mu 2020 wa Robert Heilmayr, Echeverría ndi Eric Lambin anasonyeza kuti sabuside ija inachulukitsadi mitengo yobzala, koma inachepetsa yachilengedwe.

Makampani amayankha kuti anabzala pa nthaka yomwe ulimi wa tirigu unali utaiguga kale. Mbali ina akunena zoona, ndipo zithunzi sizingathetse mfundo imeneyi chifukwa Landsat yoyamba inaulutsidwa mu 1972. Zomwe zinadulidwa m'mbuyomo sizinajambulidwe ndi Landsat, komanso zithunzi zoyambirirazo zinali zosaoneka bwino. Komabe pamene chithunzi cha 1975 chikusonyeza nkhalango ndipo cha 2000 chikusonyeza paini, yankho lawolo silikwanira.

Za madzi ndiye umboni wake uli kwa anthu okhala m'deralo. A Mapuche a ku Lumaco, komwe malole atatu onyamula mitengo anawotchedwa mu Disembala 1997, akhala akudandaula kuti akasupe anauma chibwerere cha bulugamu, ndipo midzi yambiri imadikira galimoto ya thanki kuti ipeze madzi akumwa. Sabuside ya lamuloli inatha mu 2012, koma nkhani ya malo omwe anthuwa akufuna abwezeredwe ikadali pomwepo.