Sampulo si basera

Mayi wina woluka za mlaza, wa kufupi ndi Chitakale, anandipeza tsiku lina atakhumudwa. Anali atasiya dengu lalikulu lokongoletsa, lomwe analuka masiku asanu, kwa bwana wa loji ina kuti alione, mwina n'kupereka oda. Miyezi itatu inadutsa kuli zii. Atapitako analipeza kuseri kwa khitchini, anyamata ophika akusungiramo anyezi.

"Achimwene, paja amati kupatsa n'kuika?" anandifunsa.

"N'kuikadi mayi," ndinatero, "koma inu munaika poti simungakatengepo."

Pa ntchito yanga yolangiza magulu a ntchito zamanja ndaona kuti ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Basera ndi zija mayi wogulitsa tomato pa Limbuli amakuwonjezera ukagula kale. Ndi zikomo, ndipo nkhani imathera pomwepo. Sampulo imaperekedwa munthu asanagule, ndipo imapita kukagwira ntchito yobweretsa oda. Ndalama yake imachoka pa mpamba wanu, choncho musanaganize za chinthu chopereka, ganizani kaye za wolandira.

Mlendo wotsika m'phiri pa Likhubula, miyendo ikunjenjemera atachokera ku Sapitwa, ndi kasitomala wabwino, koma mlendo ndi mame. Agula lero, mawa ali pa ndege. Ameneyo mugulitseni, ndipo ngati mtima wakoma mpatseni basera. Sampulo yeniyeni ndi ya munthu wogula mobwereza kapena wogula zambiri pakamodzi: mwini loji wofuna zoika m'zipinda, mwini shopu ya zikumbutso ku Blantyre, wokongoletsa maukwati ndi zinkhoswe, kapena amene amagula zikwama zogawa pa misonkhano ya mabungwe. Ndipo ifike m'manja mwa amene ali ndi mphamvu zogula. Ambiri amaisiya pageti kwa alonda n'kubwerera akuti ntchito yatheka.

Tsono mupereke chiyani? Wogula wodziwa sayang'ana kukula kwa chinthu. Amachitembenuza. Pa lichero amagwira mkombero kuti aone ngati wamangidwa molimba. Pa choluka cha mlaza amafufuza polumikiza, pomwe nsonga imodzi yathera ina n'kuyambira. Chikwama cha chitenje amachitulutsa kunsi kukhala kunja, kuona msoko wamkati, kenako n'kukoka zipi kangapo. Zonsezi kanthu kakang'ono kangathe kuzionetsa bwinobwino. Kwa oluka ndimakonda kuwauza kuti apange kamkeka kozungulira koikapo kapu ya tiyi. Kali ndi poyambira, polumikiza, utoto ndi m'mphepete momaliza, zonse zomwe dengu lalikulu lili nazo, koma kamatha tsiku lisanapendeke. Komanso kuno kwathu kwa minda ya tiyi, kuchokera ku Thyolo mpaka ku Muloza, kanthu kotere sikabisidwa m'kabati. Kamakhala patebulo, bwana n'kumakaona m'mawa uliwonse. Telala asoke kachikwama ka ndalama zachitsulo kuchokera ku zidutswa zotsala, koma aikepo zipi ndi ulusi womwewo womwe amaika pa zikwama zogulitsa. Wosema aseme kasupuni ka shuga.

Chiwerengero chake n'chosavuta, ngakhale ambiri sachichita chifukwa nthawi yawo saiwerengera mtengo. Tingoyerekeza kuti dengu mumagulitsa K15,000, ndipo mukachotsa mlaza, utoto, thiransipoti ndi masiku anu, phindu ndi K4,000. Mukalipereka ulere mwataya K11,000, ndipo mufunika kugulitsa madengu atatu kuti mungobwerera pomwe munali. Ndalama yomweyo ingatulutse timikeka khumi kapena kuposa, tofika kwa anthu khumi osiyana. Chichokereni pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipi, ulusi, vanishi ndi zina zochokera kunja zinakwera, ndiye sampulo yabwino ndi yodalira zotsalira ndi luso la manja kusiyana ndi zogula. Ikani malire a pamwezi, mulembe m'kope yemwe mwampatsa ndi tsiku lake.

Pali zolakwa ziwiri pa kapangidwe. Choyamba aliyense angachizindikire: kupereka chokhota, chothimbirira, chomwe chakanika kugulitsidwa, poti n'chaulere. Wolandirayo sadziwa kuti muli ndi zabwino kunyumba, amangoti luso lanu ndi lomwelo.

Chachiwiri n'chobisika, ndipo chimagwetsa magulu abwino. Gulu limasankha mayi mmodzi waluso kuposa onse, iye n'kukhalira sampuloyo sabata yathunthu mpaka kuoneka ngati ya m'sitolo. Oda ikubwera, zidutswa 60, masabata atatu. Tsopano akuluka ndi anthu asanu ndi atatu, wina akukoka mlaza mothina, wina motayirira, utoto wa Lachiwiri wasiyana ndi wa Lachisanu. Wogula akuika sampulo pambali pa katunduyo n'kuyamba kubweza. Sampulo ndi lonjezo. Ikhale ya mulingo womwe gulu lonse lingaufike pa tsiku wamba, ndipo nthawi zonse pangani ziwiri zofanana. Imodzi ipite, inayo itsale kwa inu, ikhale yoyezera kukula ndi mtundu oda ikabwera, ikhalenso mboni pakabuka mkangano.

Osema a ku Mulanje ali ndi yesero lawo. Kabokosi ka mkungudza kamadzigulitsa kokha ndi fungo, ndipo alendo a pa Likhubula akhala akutidziwa timabokosi timeneti kwa zaka zambiri. Koma mtengowu, womwe mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje mokha, ndipo unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu. Mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi pakati pa mayiko, ndipo mu 2025 UNESCO inaika phirili m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Wogula wa shopu yotumiza katundu kunja akaona sampulo ya mkungudza amayamba ndi funso la komwe mtengo wachokera. Ngakhale osafunsa, mungalonjeze bwanji zidutswa 100 za mtengo womwe simungaupeze mwachilungamo? Semani za bulugamu, paini kapena nsungwi, ndipo munene poyera kuti ndi mtengo wanji.

Musaiwale chiperoni. Mlaza kapena nsungwi zosauma bwino, mukazitsekera m'jumbo nyengo yachinyezi ya Juni ndi Julayi, zimafika kwa bwana zitachita chuku. Yanikani mokwanira, kulungani m'pepala.

Dzina ndi nambala ya foni zikhale pa chinthucho. Kapepala kongotsamiritsa kamatayika tsiku lomwelo. Sokererani kansalu kolembedwa, kapena lembani kunsi kwa chosema ndi waya wotentha. Ngati nambalayo ili pa WhatsApp ndipo imalandira Airtel Money kapena Mpamba, nenani. Mtengo nawo upite limodzi, wa chimodzi ndi wopikulitsa, kuti munthu asachite manyazi kufunsa.

Pa zochitika za chinamtindi cha anthu, monga mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mu Okutobala kapena mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje wa Porters Race, musaike zaulere patebulo. Aliyense amatambasula dzanja, paja tinazolowera matisheti a nthawi ya kampeni. Zisungeni m'chikwama, mutulutse kamodzi pamene wina wafunsa kuti, "Nanga nditafuna 50 mungapange masiku angati?"

Wogula akaumirira kuti aone dengu lalikulu lenilenilo, musakane, koma mum'bwereke. Mulembe m'kope muja kuti mudzalitenga pakatha masabata awiri, iye asayine. Tsikulo likakwana pitani kapena imbani, ndipo musafunse ngati analikonda, chifukwa mwaulemu aliyense amati n'lokongola. Funsani kuti musinthe pati, akufuna likule bwanji, ndipo angayambe ndi angati.

Mayi aja dengu lawo sanalitenge, linali litada ndi utsi. Masiku ano akamakwera minibasi ya ku Limbe amanyamula timikeka tinayi m'chikwama, tokulungidwa m'nyuzipepala, ndi kope lawo la banki mkhonde lomwe masamba ake akumapeto anawasandutsa olembamo masampulo.