Mutu wodulira mbale za nyimbo umafuna kasipika kopepuka

Tsiku loyamba kuona kangalande ka mbale ya galamafoni pa maikulosikopu ndinakhala chete kwa kanthawi. Ndi maso wamba timangoona mizera yakuda yozungulira, koma ukakayang'ana pafupi kamaoneka ngati mtsinje wokhotakhota, makoma ake awiri otsetsereka akukumana pansi ngati chilembo cha V. M'lifupi mwake sikaposa kwenikweni tsitsi limodzi la munthu. Nyimbo yonse, ng'oma, gitala ndi mawu a woimba, ili m'kukhotakhota kumeneko. Munthu amene akupanga yekha makina odulira mbale, amene amisiri timawatchula kuti lathe, akufuna singano imene ilembe makhotawo molondola. Koma ambiri amene amandipeza amayamba ndi funso lakuti, "Ndigule sipika ya ma watt angati?" Yankho langa limakhala lakuti aiwale kaye za ma watt, tikambe za kulemera.

Tisanafike kumutu, chida chimene chimagwira ndi kugwedeza singano yodulayo, pali zinthu ziwiri zimene zikalakwika palibe mutu umene ungakupulumutseni. Choyamba ndi tebulo lozungulira. Singano yoimbira nyimbo imangotsetsereka mu kangalande, pamene yodula imalima pulasitiki, ndiye imakoka tebulo kumbuyo. Mota ikakhala yofooka, liwiro limatsika n'kukwera, ndipo mawu a piyano amamveka akugwedera. N'chifukwa chake anthu ambiri amamangira makina awo pa galamafoni ya Technics SL-1200, kapena amasula tebulo lolemera kwambiri lachitsulo. Amene mukuganiza zogula makina akale a ku America monga Presto, dziwani kuti mota zake zambiri zimatsatira magetsi a 60 Hz. Pa magetsi athu a 50 Hz, tebulo loyenera kuzungulira ka 33 ⅓ pa mphindi lizungulira pafupifupi ka 28 basi.

Chachiwiri ndi chitsulo cha mazinga chimene chimayendetsa mutu kuchoka m'mphepete kupita pakati. Kuyenda kwake n'kwa kamba: ngati mukufuna mizera 200 pa inchi imodzi, mutu uyenera kuyenda masentimita awiri ndi theka okha pa mphindi 6. Mazinga akakhala opindika mizera imapandana, ndipo kunjenjemera kwa mota yake kumalembedwa m'mbale ngati kulira kwa njuchi. Ikani lamba wa labala pakati pa mota ndi chitsulocho.

Tsopano mutu weniweniwo. Njira imene mbale za sitiriyo zimadulidwira inaganizidwa ndi Alan Blumlein ku Britain mu 1931, ndipo inafalikira mu 1958 ndi mitu ya kampani ya Westrex. Mumakhala tizida tiwiri tokankha singano imodzi, tina kumanja tina kumanzere, tilitonse titapendekeka madigiri 45. Tikagwirizana, singano imayenda cham'mbali. Tikatsutsana, imakwera n'kutsika, n'chifukwa chake besi timaiika pakati, yofanana kumanja ndi kumanzere, tisanadule, kuopa kuti singano ingatuluke m'mbale kapena kukumba mozama kwambiri. Tizida timeneti m'Chingerezi amati driver, ndipo si china ayi koma mtima wa sipika: koilo ya waya mkati mwa maginito. Opanga kunyumba amagula kasipika kakang'ono, n'kuchotsa pepala lake, n'kumatirira kandodo kokankhira singano.

Apa m'pamene anthu amasochera. Sipika yaphokoso inapangidwa kuti ikankhe mpweya wambiri, ndiye imayenda mtunda wautali. Singano yodula nthawi zambiri siyenda ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Chimene imafuna ndi kutembenuka msanga. Kuyambira 1954 mbale zimadulidwa potsatira muyezo wa RIAA, umene umachepetsa besi n'kukweza mawu opyapyala, ndipo galamafoni poimba imabweza zonse m'malo mwake. Pa 10 kHz, kutanthauza mawu onjenjemera ka 10,000 pa sekondi, muyezowu umakweza liwiro la singano pafupifupi kasanu. Tiyerekeze mawu amene pa 1 kHz akanayendetsa singano masentimita 5 pa sekondi. Pa 10 kHz ndiye kuti ali pa masentimita 24, ndipo singano ikusintha kolowera ka 20,000 pa sekondi iliyonse. Mukawerengetsa, galamu imodzi yokha ya koilo, kandodo ndi singano ikufuna mphamvu yofanana ndi kunyamula kilogalamu imodzi ndi theka. Mukawonjezera galamu ina, mphamvu yofunika yawirikiza, ndipo kutentha mu koilo kwakwera kanayi.

Choncho pa pepala limene opanga sipika amalembapo za katundu wawo, yang'anani manambala awiri. Mms ndi kulemera kwa zonse zoyenda, ndipo Bl ndi mphamvu imene maginito ndi koilo zimatulutsa pa ampeya iliyonse. Mukufuna Bl yaikulu pa Mms yaing'ono. Sipika ya besi yagwa kale pamenepa, ndi yolemera. Tuwita, sipika ya mawu opyapyala, ndi yopepuka bwino, koma waya wake ndi wopyapyala ndipo umapsa msanga. Ine ndimakonda timasipika ta inchi imodzi kapena awiri toimba mawu onse, tokhala ndi maginito a neodymium. Gulani tinayi tofanana, muyeze tonse, musankhe tiwiri tolingana kwambiri, tinato musunge. Mudzatifuna.

Ndikunena izi chifukwa mutu wanga woyamba unafera pa chilembo cha "s". Ndinali kudula nyimbo ya kwaya ina, zonse zikuyenda bwino, ulusi wa pulasitiki ukutuluka wosalala kumbuyo kwa singano. Woimba wamkazi atakoka liwu lokhala ndi "s" wamphamvu, ndinamva kafungo ka vanishi wopserera, mbali ya kumanzere n'kungoti zii. Nditatsegula ndinapeza waya utada, utamasuka pa koilo ngati ulusi wa juzi yakale. Ntchito ya milungu itatu inathera pomwepo, ndipo zinandiwawa kwambiri. Kuchokera tsiku limenelo sindidula popanda fyuzi yaing'ono yofulumira pa koilo iliyonse, ndipo ma "s" ndimayamba ndawafewetsa pa kompyuta. Musaone ngati ndi vuto la osauka okha: mutu wa SX 74 wa kampani ya Neumann, umene unadula mbale zambirimbiri za m'masitolo, ankauziziritsa ndi mpweya wa helium.

Kandodo kokankhira kakhale kafupi, kopepuka ndi kosapindika, monga kapaipi ka aluminiyamu kapena ka carbon fibre, ndipo guluu wake akhale wopirira kutentha. Kandodo kakamagonja, mawu opyapyala amathera m'njira osafika pa singano.

Pali chinanso chimene sichithawika. Chinthu chilichonse cholendewera pa sipuling'i chili ndi kaliridwe kake, monga chingwe cha gitala. Mutu wodulira nawo uli ndi malo amene umalira mopitirira, kawirikawiri pafupi ndi 1 kHz kapena pamwamba pake pang'ono, pomwe khutu la munthu limamva bwino. A Neumann anathana nazo poika kakoilo kachiwiri kamene kamauza ampulifaya mmene singano ikuyenderadi, ampulifaya n'kumakonza pompopompo. Zimenezi n'zovuta kwa woyamba kumene, ndipo zikalumikizidwa molakwika mutu umalira wokha mpaka kupsa. Njira yotsika mtengo ndi iyi: dulani mawu oyesera okwera pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba, muimbe mbaleyo pa galamafoni yabwino, mujambule pa kompyuta, muone pamene pakwera ndi pamene patsika, kenako mukonze ndi ikwalaiza musanadulenso. Mubwereza kangapo. Pamene mutu ukulephereratu, monga pamwamba pa 12 kHz pa mitu yambiri yopanga kunyumba, musaukakamize ndi magetsi ochuluka.

Singano imadalira mbale. Ya safiro, yotenthetsedwa ndi kawaya kozungulira, ndi ya mbale za lacquer, zokutidwa ndi utoto wofewa, pamene pulasitiki wolimba wa PVC amafuna ya dayamondi. Ulusi wotuluka podula uziyamwidwa ndi kapaipi nthawi yomweyo, ndipo wa lacquer usungeni m'botolo la madzi, chifukwa ndi nitrocellulose, umayaka ngati petulo.

Langizo langa kwa woyamba ndi lakuti apange mutu wa kasipika kamodzi, wongoyenda cham'mbali, sitiriyo ibwere pambuyo. Ndipo mbale yoyamba adule popanda nyimbo iliyonse, kangalande kachete kwa mphindi ziwiri, kenako aimbe atakweza voliyumu. Kugunda kwa beringi, kulira kwa mota ndi kukanda kwa singano yobuntha zonse zimveka poyera, ndipo ndi zimenezo zoyamba kukonza asanalumikize ampulifaya ku koilo.