DJ sangodina batani n'kukhala pansi

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti DJ amangodina batani, zotsalazo kompyuta imachita yokha. Zanditopetsa.

Nyimbo iliyonse ili ndi liwiro lake. Nyimbo zambiri zovina za mtundu wa house zimagunda ka 120 mpaka 130 pa mphindi. Mahedifoni aja si okongoletsa mutu. DJ amakhala akumvetsera nyimbo yotsatira, kuilinganiza ndi imene ikulira kuti ovina asasokonezeke. Inde, makina ena amathandiza, koma sadziwa kuti anthu ayamba kubwerera m'mipando. Pa wailesi amawerengeranso masekondi kuti nkhani ziyambe nthawi yake.

Mukapita ku ukwati, imani pafupi ndi tebulo lake muone zala zake nyimbo ikamasintha. Musanauze wina zomwe munangomva, yambani mwaona nokha.