Masamba a paini wa bonsai akafiira, musathamangire kuthirira

Funso limene ndimamva mobwerezabwereza pa ntchito yanga yosamalira mitengo ya bonsai, yolerera mumphika kuti ikhale yaing'ono, ndi lakuti, "Masamba a paini wanga akufiira, ndipopere mankhwala anji?" Pomwe munthu akufunsa chonchi amakhala atawonjezera kale madzi, atathira feteleza, mwinanso ataulowetsa mtengowo m'nyumba poganiza kuti wapsa ndi dzuwa. Zinthu zitatu zimenezi n'zimene zimamaliza mtengo umene ukanachira, ndipo ndatopa kuziona.

Yambani mwaona pamene pali masamba ofiirawo. Pa mitundu yambiri ya paini, tsamba limakhala zaka 2 kapena 3, kenako limachita chikasu, limafiira n'kugwa, makamaka nyengo yozizira ikamayandikira. Ngati ofiirawo ndi am'kati, pafupi ndi thunthu, pomwe akunsonga ali biriwiri, mtengo wanu sukudwala. Thotholani akalewo ndi zala, muwataye, nkhani yatha.

Koma zikafika kunsonga, pamasamba a chaka chino, pamenepo khalani pansi muganize. Paini amachedwa kuonetsa kuti wavulala. Dulani nthambi yake lero n'kuisiya pamthunzi, muona ikukhala yobiriwira kwa milungu ingapo ilibe muzu n'umodzi womwe. Ndiye kufiira kumene mukuona lero kunayamba kale, ndipo nthawi zambiri kunayambira mumphika, kumene maso sakufika.

Mizu ya paini imafuna mpweya monga momwe imafunira madzi. Mphika wa bonsai ndi wosaya, ndipo mukaudzaza ndi dothi lakumunda kapena manyowa osalala, madzi sachokamo msanga. Mizu imabanika n'kuwola. Muzu wowola sumwa madzi, choncho masamba amauma ngati a mtengo waludzu, mwini wake n'kumangothirirabe mwachifundo. N'chifukwa chake osamalira mitengoyi amaidzala m'timiyala tatimibulu monga akadama ndi pumice, timene timalola madzi kudutsa. Zikani kamtengo kouma m'dothimo, mukasiye kwa mphindi 10, kenako mukazule. Kakatuluka konyowa, musathirire lero ngakhale pamwamba pakuoneka pouma. Ngati mukukayikabe, tukulani mtengo pang'ono muone m'mphepete mwa mizu. Yabwino imakhala yolimba, ya nsonga zoyera. Yowola imakhala yakuda, yofewa, imanunkha, ndipo mukaikoka khungu lake limavuka n'kutsala kaulusi. Mukaona nkhungu yoyera yoyanga m'mizu, chonde musaitsuke. Imeneyo ndi mycorrhiza, imathandiza mtengo kuyamwa chakudya. Dandaulani pokhapokha mutaona tizilombo tikuyenda m'zoyerazo, chifukwa nsabwe za m'mizu zimafanana nayo.

Ludzu lenileni nalo limapha. Tsiku limodzi lotentha ndi lamphepo n'lokwanira kuumitsa mphika waung'ono mpaka pansi, koma masamba adzafiira patapita milungu, inu mutaiwala kale za tsikulo. Feteleza wochuluka amawotcha masamba kuyambira kunsonga. Kuwokera mtengo pa nthawi yolakwika, kapena kukutumula dothi lonse m'mizu nthawi imodzi, kumabweretsa zomwezo.

Pali mtengo umodzi umene sundichoka m'mutu. Unali paini wakuda wa ku Japan, wathunthu lonenepa ndi khungwa long'ambika bwino, umene wina anaulera zaka zambiri usanafike kwa mwini watsopanoyo. Iye anauika patebulo m'chipinda chochezera kuti alendo aziuona. Paini si mtengo wam'nyumba. Amafuna dzuwa lenileni kwa maola ambiri patsiku, mphepo yoyenda, ndi nyengo yozizira yoti apume. Nthambi zam'munsi zitayamba kufiira, mwini wake anapita kwa wogulitsa wina amene anam'patsa botolo la madzi "odzutsa mitengo", n'kumuuza kuti azithira mlungu uliwonse komanso aziwaza madzi m'masamba m'mawa ndi madzulo. Anachita zonsezo mokhulupirika kwa miyezi. Pomwe ankaubweretsa kwa ine, pansi pa mphika panali matope onunkha. Nditakanda khungwa ndi chikhadabo, m'kati munali mouma gwa, mopanda kubiriwira kulikonse, ndipo timphukira takunsonga tinkangofumbutuka pozipsinja. Chimene chimandipweteka n'chakuti pamene nthambi yoyamba inkafiira, mtengo uja unkangofunika kutulutsidwa panja ndi kuchepetsa madzi. Munthuyo ankaukonda mtengo wake, anangopatsidwa malangizo oipa ndi munthu wofuna kugulitsa botolo.

Choncho ndinene mosabisa. Palibe vitamini, shuga wosungunula, kapena mankhwala a m'botolo lililonse amene angabwezeretse tsamba lofiira kuti libiriwirenso. Aliyense wokuuzani mankhwala asanafunse za dothi, madzi ndi malo amene mtengo umakhala, sakudziwa chimene akuchiza. Kuwaza madzi m'masamba usiku nakonso kumangoitana matenda a fangasi.

Matendawo alipodi, ndipo ali ndi zizindikiro zawo. Tengani tsamba limodzi muliyang'ane pafupi. Mizere yofiira yozungulira tsamba, kunsonga kutauma koma kutsinde kukadali kobiriwira, imaloza ku Dothistroma. Mphukira zatsopano zikafa zisanatalike, ndipo patsinde pa masamba pali timadontho takuda, ganizirani za Diplodia. Mankhwala a kopa amateteza masamba atsopano pamene akutuluka, sachiza amene agwidwa kale, ndiye kupopera mtengo utafiira kale n'kutaya nthawi ngati simuchotsa ndi kutaya kutali masamba odwalawo. Masamba akamaoneka otuwa ngati afumbi, ikani pepala loyera pansi pa nthambi n'kuigwedeza. Timadontho tikayamba kuyenda papepalapo, ndi akangaude ang'onoang'ono oyamwa madzi a m'masamba.

Choopsa kwambiri ndi nyongolotsi yosaoneka ndi maso yotchedwa Bursaphelenchus xylophilus, imene imafalitsidwa ndi tizilombo toboola mitengo ta mtundu wa Monochamus. Yawononga nkhalango zambiri za paini ku Japan, ndipo inapezekanso ku Portugal mu 1999. Mtengo wonse umatuwa n'kufiira m'milungu yochepa, masamba osagwa, ndipo mukadula kanthambi utomoni sutuluka. Mtengo wotere ulibe mankhwala. Uchotseni pakati pa inzake ndi kuutentha.

Musadikire kuti muone ngati usinthe wokha. Nthambi ya paini ikataya masamba ake onse obiriwira imafa, siphukanso ngati mitengo ina. Mukangoona nsonga zikufiira, siyani feteleza, musadule kapena kupinda nthambi ndi waya, yesani chinyezi cha dothi tsiku lomwelo, ndipo mukapita kwa wodziwa mutenge mtengo wonse ndi mphika wake, osati chithunzi cha masamba okha.