Kukwera Mapiri ndi Kugona M'matenti Pothandizana Kusiya Mowa ndi Mankhwala Osokoneza Bongo

Munthu akasiya mowa kapena mankhwala osokoneza bongo, tsiku limamutalikira. Nthawi imene inkathera pa kusaka ndalama, kumwa ndi kulimbana ndi matsire imangokhala yopanda chochita, ndipo anzake ambiri ndi omwe aja ankamwa nawo. N'chifukwa chake magulu ena othandizana kusiya amakonza maulendo okwera mapiri ndi kukagona m'matenti. Ku Colorado, m'dziko la America, bungwe la The Phoenix linayamba ntchito yotere mu 2006, ndipo kuti munthu achite nawo limangofuna kuti akhale atatha maola 48 osamwa komanso osagwiritsa ntchito mankhwala.

Ulendo umathandiza bwanji?

Kuyenda mtunda wautali kumachepetsa nkhawa ndipo kumabweretsa tulo, tomwe timasowa kwambiri pa miyezi yoyambirira. Koma phindu lalikulu lili pa nkhani ya chibaba. Chibaba chimakula, kenako chimazilala chokha ngati munthu sanachigonjere. Ambiri sakhulupirira zimenezi chifukwa sanayesepo kudikira. Kuphiri kulibe kogula, choncho munthu amapitiriza kuyenda wefuwefu, ndipo pofika popumulira amazindikira yekha kuti chamuchoka. Akaziona ndi thupi lake amazikhulupirira kuposa pamene angouzidwa ndi mlangizi.

Pagulu aliyense amakhala ndi ntchito. Wina atunge madzi, wina akhome tenti, wina ayende kumbuyo kuti pasapezeke wotsalira. Kwa munthu amene kwa zaka zambiri abale ake anasiya kumudalira, kupatsidwa udindo ndi kuukwanitsa si nkhani yaing'ono. Madzulo mozungulira moto, ngakhale amene amauma pakamwa m'chipinda cha uphungu amayamba kumasuka.

Phiri si chipatala

Apa tikupemphani kuti mumvetsetse bwino. Musapite kuphiri kuti mukasiyire mowa kumeneko. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi amatha kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusanza pakangopita maola 6 mpaka 24. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Vuto limeneli limapha ngati palibe thandizo lachipatala. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam nawonso ndi oopsa kuwasiya mwadzidzidzi. Masiku oyambawa amafunika dokotala pafupi, osati msasa umene galimoto singafikeko.

Musananyamuke, kaonaneni ndi dokotala, makamaka ngati muli ndi vuto la mtima, chiwindi, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena khunyu. Ngati mumamwa methadone kapena buprenorphine (mankhwala othandiza kusiya heroin ndi ena ofanana nayo), kapena mankhwala a matenda a maganizo, tengani okwanira ulendo wonse ndipo musadumphitse. Kumwa mankhwala amene dokotala wakulemberani si kulephera, ndipo pagulu pasapezeke wonyoza mnzake pa chifukwa chimenechi.

Kwa otsogolera gulu

Yambani ndi ulendo wa tsiku limodzi, kugona kubwere pambuyo. Liwiro likhale la amene akuchedwa kwambiri. Gwirizanani musanachoke kuti palibe wotenga mowa kapena mankhwala osokoneza bongo, komanso chimene mudzachite wina akapezeka nazo. Kumuthamangitsa yekha usiku ayi. Pakhale munthu wodziwa chithandizo choyamba, wina wotsala kunyumba adziwe njira yanu ndi tsiku lobwerera, ndipo ngati pagulu pali amene ankagwiritsa ntchito heroin kapena mankhwala ofanana nayo, tengani naloxone, mankhwala opulumutsa munthu amene akulephera kupuma chifukwa chopyola mlingo wa mankhwala oterewa.

Njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa zimadzutsa chibaba, ndipo zonsezi zimapezeka paulendo. Idyani pafupipafupi, pumulani musanatheretu mphamvu. Madzi a mumtsinje muziwawiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi. Tengani zovala zotentha, poti pamwamba pa phiri pamazizira usiku ngakhale masana kutatentha. Mukakwera kupitirira mamita 2,500, mutu, nseru ndi chizungulire zingakhale matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. Wodwalayo asakwerenso, ndipo zikamakula atsike ndi omuperekeza.

Pobwerera kunyumba

Nthawi yovuta kwambiri imakhala ulendo ukatha. Munthu amabwera wosangalala, akudziona kuti wachira, koma amapeza ngongole, mikangano ndi anzake akale zili pomwe anazisiya. Kwa amene ankagwiritsa ntchito heroin pali ngozi inanso: thupi limasiya kuzolowera, moti mlingo umene ankaupirira kale ukhoza kumuimitsa kupuma. Choncho musanapasule matenti, pangani tsiku lokumananso m'sabata yomweyo, ndipo aliyense achoke ndi nambala ya foni ya mnzake amene angamuimbire chibaba chikamugwira usiku.