N'chifukwa chiyani Hamlet sanabaye Claudius ali chogwada?

Chaka chilichonse ndikamaphunzitsa Hamlet, sewero lomwe William Shakespeare analemba cha m'ma 1600, sipalephera kupezeka wophunzira wopsa mtima ndi mtengambali wamkuluyu. Amati mnyamatayu ndi wamantha. M'chigawo choyamba momwe, mzukwa wa bambo ake wamuuza kuti Claudius, mchimwene wa malemuwo, ndiye anawathira poizoni m'khutu ali m'tulo m'munda, n'kulanda ufumu wa Denmark pamodzi ndi mkazi wawo, Gertrude. Nanga akudikira chiyani?

Ine ndimawatengera ku kagawo kachitatu ka chigawo chachitatu. Claudius ali yekha, wagwada. Hamlet akutulukira kumbuyo kwake mwakachetechete, n'kusolola lupanga. Pofika apa sakukayikanso, pakuti wangoona ndi maso ake mfumuyo ikunyamuka mwadzidzidzi anthu a zisudzo akusewera imfa yofanana ndi ya bambo ake. Mpata ndi umenewu. Koma akubweza lupanga m'chimake.

Chomubweza si mantha ayi, ndipo chimandizizira m'nkhongono nthawi zonse ndikachiwerenga. Akuganiza kuti munthu wophedwa ali pa pemphero apita kumwamba, pomwe bambo ake anafa osapeza mpata wolapa. Iye akufuna adzamupeze ataledzera, atakwiya, kapena ali pabedi ndi Gertrude, kuti mzimu wake ukapse. Kulipsira kwake kwapyola thupi la mdani, kwafika pofuna kumuweruza m'malo mwa Mulungu. Chimene Hamlet sakuchidziwa, ife oonerera tachimva kale: Claudius pemphero lamukanika. Wavomera yekha kuti anapha mbale wake, koma sangalape akadagwiritsitsa chisoti chaufumu ndi mkazi, zomwe anazipeza ndi magazi. Maondo ali pansi, mtima sunagwade.

Pophunzira sewero, funso lothandiza kwambiri n'lakuti: kagawo aka titakachotsa, chingasokonekere n'chiyani? Apa chisokonekera chonse chotsatira. Hamlet akuchoka pamenepo mtima uli mphumphu ndi ukali, akulowa m'chipinda cha mayi ake, akumva mawu kuseri kwa chinsalu, n'kubaya osayang'ana. Wafa ndi Polonius, nduna ya mfumu. Amene analingalira kwambiri pamaso pa wolakwa wapha wina popanda kulingalira n'komwe. Imfa imeneyi ndiyo ikupengetsa Ophelia, mwana wamkazi wa Polonius, mpaka kumira m'madzi, ndipo ikusandutsa Laertes, mlongo wake wa Ophelia, kukhala mwana winanso wofuna kulipsira bambo ake.

Laertes ameneyu muyang'anitsitseni. Claudius atamufunsa, m'chigawo chachinayi, chomwe angachite poonetsa kuti ndi mwanadi wa bambo ake, akuyankha kuti angamudule Hamlet pakhosi ngakhale m'tchalitchi. Shakespeare anaika yankho limeneli dala kuti tikumbukire lupanga lija linabwerera m'chimake. Palinso Fortinbras wa ku Norway, yemwe bambo ake anaphedwa ndi bambo a Hamlet. Ana atatu amasiye, bala limodzi, njira zitatu.

Tisaiwale anthu omwe ankaonera seweroli ku London. Hamlet ndi wophunzira wa ku Wittenberg, mzinda womwe Martin Luther anayambira kutsutsa mpingo wa Roma mu 1517. Koma mzukwa ukulankhula ngati wochokera ku puligatoriyo, komwe Akatolika amati mizimu imayeretsedwa isanalowe kumwamba, chiphunzitso chimene mpingo wa England unali utachikana. Ndiye kukayika kwa Hamlet koyamba kuja, koti mwina ndi mdyerekezi wadzibisa m'nkhope ya bambo ake, kunali komveka kwa iwo. Ankadziwanso Aroma 12:19, pomwe kubwezera kukunenedwa kuti n'kwa Mulungu. Ukwati wa Gertrude nawo, ophunzira ena amaufanizira ndi chokolo n'kumadabwa kuti cholakwika n'chiti, koma ku England wa nthawiyo kukwatira mkazi wa mbale wako kunali koletsedwa ndi malamulo a mpingo.

Hamlet akudzapha Claudius m'kagawo kotsiriza, pa mpikisano wa malupanga womwe anakonza ndi mfumuyo, osati iye. Gertrude wamwa chikho cha poizoni, Laertes waulula chiwembu, ndipo poizoni wa ku lupanga wayamba kale kuyenda m'magazi a Hamlet. Akubaya mfumu, akuimwetsa chotsala m'chikho, ndipo mawu omaliza omwe akuiuza ndi oti itsatire mayi ake.